Pikapu yokoka ngolo muiyese potsika Chikwawa

Fungo ndi limene lidayamba kutichenjeza. Tidali titadutsa Madziabango, msewu wa M1 utayamba kupindapinda kutsikira ku Shire, pomwe m'galimoto mudalowa fungo lowawa, longa la poto amene wauma madzi ali pamoto. Mlamu wanga adatsitsa galasi n'kusuzumira kumbuyo. "Alamu, magudumu akufuka utsi," adatero motsitsa mawu. Nditaponda buleki pa khona lotsatira, phazi lidangolowa ngati ndaponda m'phala.

Pa ngolo imene tinkakoka padali matumba 44 a simenti, ndipo m'bokosi la pikapu mudali ena 10. Tinkapita nawo kumudzi kufupi ndi Ngabu kukamanga khola la ng'ombe ndi chomwera madzi. Ngoloyo idali yowotcherera bwino, ya zitsulo zochindikala, koma idalibe mabuleki akeake. Pa mtsetse uja idasiya kukokedwa, idayamba kutikankha. Ndidapopa buleki kangapo, ndidakakamiza giya yachiwiri injini n'kulira ngati ing'ambika, kenaka ndidayamba kukoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono. Tidakaima pamalo otakasukirapo, mbali ya galimoto itakhula chipupa cha dothi. Mnyamata amene tidamutenga kuti akatithandize kutsitsa katundu adatuluka n'kukhala pansi pa mwala, osayankhula kanthu.

Tili pomwepo kudikira kuti zitsulo zizizire, padaima lole ina. Dalaivala wake, bambo wa imvi, adazungulira galimoto yathu, adagwada kuyang'ana pansi pa ngolo, ndipo adandifunsa funso limene landikhala m'mutu mpaka lero: "Achimwene, mphamvu yokoka zonsezi galimoto yanuyi ili nayo, ndaona. Nanga adakuuzani ndani kuti ilinso ndi mphamvu yoziimitsa?"

Padalibe adandiuza, chifukwa inenso sindidafunse. Pogula pikapu ija ndidafunsa zimene tonse timafunsa: injini yake ndi yaikulu bwanji, imamwa bwanji dizilo, idalowa liti m'dziko muno, imakwera bwanji chitunda ikalemedwa. Wogulitsa adandiuza monyadira kuti iyi imakoka matani atatu ndi theka, ine n'kukhutira. Lero ndikuona alimi, omanga nyumba, a mabwato a kunyanja ndi ogulitsa ng'ombe akuchulukirachulukira amene akugula pikapu n'cholinga choti azikoka ngolo zikuluzikulu, ndipo mafunso awo ndi omwe aja. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba. Maganizo anga ndi akuti galimoto yokoka ngolo tiziisankha poganizira tsiku limene idzatsike phiri italemedwa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Nambala ya 3,500 ija si yabodza. Toyota Hilux ya injini ya malita 2.8, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max ya malita 3.0, zimene zambiri zimatifika kuchokera ku mafakitale a ku Durban, Pretoria ndi Gqeberha, zili ndi mitundu imene opanga ake adalemba kuti ingakoke makilogalamu 3,500. Koma pambali pa nambalayo pamakhala mawu amene ogulitsa sakonda kuwatchula: ngoloyo ikhale ndi mabuleki. Ikakhala yopanda mabuleki, malire ake ndi makilogalamu 750 basi, kuphatikizapo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Ngolo yanga payokha inkalemera pafupifupi makilogalamu 600. Kunena kwina, ndinkaloledwa kuikapo matumba atatu a simenti. Ine ndidaikapo 44.

Palinso nambala ina imene ndidaidziwa ngozi itandiphonya kale. Opanga magalimoto amalemba malire a kulemera kwa zonse pamodzi, galimoto, anthu, katundu ndi ngolo, ndipo m'mabuku amaitcha GCM. Titenge Hilux ya zitseko zinayi imene inkagulitsidwa mu 2024 ku Australia, dziko limene anthu ake amakoka ngolo kwambiri ndipo nkhanizi amazitsata. GCM yake ndi makilogalamu 5,850, pomwe galimotoyo payokha imalemera pafupifupi 2,100. Mukakoleka ngolo ya 3,500, chotsala ndi makilogalamu ngati 250. Amenewo ndi dalaivala, mnzake mmodzi ndi zikwama zawo, kwatha. Mukaikanso matumba m'bokosi, mukakweza achibale amene akupempha thandizo la ulendo, mwapyola malire ngakhale ngolo yanu ili ndi mabuleki abwino. Ndi angati mwa ife amene timapita kumudzi bokosi la pikapu lili lopanda kanthu? Ku Malawi kuno galimoto yopita kumudzi siyenda yopepuka. Choncho munthu woona mtima ayenera kuchotsera pa 3,500 paja, ndipo kwa ine pikapu za msinkhu umenewu zimagwira ntchito mwamtendere ngolo ikakhala pakati pa matani awiri ndi awiri ndi theka.

Za kutentha kwa mabuleki ndikufuna ndikhalitsepo, poti ndi zimene zidatsala pang'ono kutipha. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe Chikwawa ili pa mamita ngati 100. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 50 munthu umatsika mamita 900, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa phiri limodzi lija. Tsiku limenelo tonse pamodzi tinkalemera matani asanu ndi theka. Mphunzitsi wina wa sayansi, mnzanga wakalekale, adandiwerengera papepala kuti kutsitsa katundu wotere kuchokera pamwamba mpaka pa mlatho wa Kamuzu kumatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi okwana malita 150. Kwina kumathera mu injini, mumphepo ndi m'matayala, koma dalaivala akamangodalira phazi, kochuluka kumalowa m'zitsulo zinayi zokhala ngati mbale za nsima. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230 kapena kuposerapo. Akakalamba amayamwa chinyezi, ndipo akhoza kuwira pa madigiri 155. Akawira mumapangika mpweya, ndipo mpweya umafinyika. Phala lija ndidaponda lidali limenelo. Mafuta a m'galimoto yanga ndidali ndisadawasinthepo chiigulire.

Wina anganene kuti vuto lidali kayendetsedwe, ndikadayamba kutsika ndi giya yotsika. N'zoona, ndipo lero ndimatero. Komabe injini ya dizilo payokha sigwira galimoto mwamphamvu potsika ngati mmene anthu amaganizira. N'chifukwa chake malole ali ndi buleki ya ku ekizozi, imene amaigwiritsa ntchito lole ikamatsika Chiweta kapena Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Imatsekereza utsi kuti injini izilimbana ndi mpweya wake womwe, magudumu n'kumabwezedwa popanda kuponda buleki. Mapikapu ambiri amene timagula kuno alibe chida chimenechi.

Kumene kuli mapikapu opangidwira ntchito yokoka ngolo zazikulu ndi ku America. Kumeneko kuli gulu lapadera la magalimoto: Ford F-250, F-350 ndi F-450, amene akhala akugulitsidwa pa dzina la Super Duty kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990; Ram 2500 ndi 3500, amene injini yawo ya Cummins idayamba kuikidwa m'mapikapu a Dodge mu 1989; ndiponso Chevrolet Silverado HD ya injini ya Duramax ya malita 6.6. Ford idalengeza kuti F-450 ya 2023 ingakoke mapaundi 40,000, omwe ndi matani opitirira pang'ono 18. Munthu ukamva nambala yotere maso amathamangira ku injini, koma chimene chimandichititsa chidwi ine chili kwina. Magalimoto amenewa ndi olemera ndi aatali, motero ngolo siwagwedeza msanga. Ena ali ndi matayala awiriawiri kumbuyo. A dizilo ali ndi buleki ya ku ekizozi ngati lole. Pafupi ndi chiwongolero pali kachida kolamulira mabuleki a magetsi a ngolo, kotero kuti dalaivala akaponda, ngolo nayonso imagwira, ndipo ikayamba kuvina akhoza kuigwira payokha ndi zala ziwiri. Ngolo zazikulu kwambiri sazikoleka kumchira kwa galimoto. Zili ndi khosi lalitali lopindika, amati gooseneck, limene limakalowa pakati pa bokosi pamwamba penipeni pa magudumu akumbuyo, kuti kulemera kukhale pamene galimoto ili ndi msana.

Aku America nawonso adavutikapo ndi manambala okokomeza, kampani iliyonse ikudziyesera mwa njira yake. Mpaka bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE lidakhazikitsa muyeso umodzi wotchedwa J2807. Mwa mayeso ake muli lakuti galimoto ikwere ndi ngolo yake chitunda cha Davis Dam ku Arizona, mtunda wa makilomita pafupifupi 18, kunja kukutentha madigiri osachepera 38, choziziritsa m'kati chili chotsegula mpaka kumapeto, ndipo injini isatenthe mopyola. Mulinso lakuti inyamuke kasanu m'mphindi zisanu pa chitunda chotsetsereka, lakuti iime pa mtunda woikika, ndi lakuti buleki ya pamanja igwire zonse pa mtsetse. Nditawerenga zimenezi ndidaganiza za Thabwa, m'munsi mwa phiri lija, masana a Novembala, pomwe kutentha kumapyola madigiri 40. Ife chitunda choyesera tili nacho, kungoti timayesera ndi miyoyo ya anthu.

Kodi ndiye tonse tiitanitse F-350? Ine sindingalimbikitse mlimi mnzanga kutero. Magalimoto amenewa amatuluka m'fakitale chiwongolero chili kumanzere, pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo kupitirira lole pa M1 ukukoka ngolo yaitali usakuona kutsogolo ndi kuika moyo pachiswe. Ku Australia amawasintha chiwongolero ku Melbourne, koma mtengo wake umakwera kwambiri. Injini zawo zatsopano zidapangidwira dizilo woyera kwambiri wa ku America ndipo zimafuna madzi apadera otsukira utsi, amene simungawapeze m'golosale pa Bangula. Chitsulo chimodzi chikathyoka, galimoto ikhala pa mawe miyezi kudikira kuti chichoke kutsidya kwa nyanja, pa nthawi ino pomwe ndalama zakunja zikusowa. Ndipo amene adagonapo pamzere wa mafuta akudziwa tanthauzo la injini ya malita 6.7. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene ndikuti titengeko kwa iwo ndi kaganizidwe kake, kakuti ngolo yaikulu imafuna galimoto yolemera, yaitali, ya mabuleki ogwirizana ndi a ngolo. Ford yomweyo yaona kuti pakati pa Ranger ndi F-250 pali mpata, ndipo idalengeza Ranger Super Duty yokoka makilogalamu 4,500, ya GCM ya makilogalamu 8,000. Nambala yachiwiriyi ndi imene ikundisangalatsa, chifukwa ikusiya malo a anthu ndi katundu ngolo itakolekedwa kale.

Ambiri kuno akamva za galimoto yolimba amaganiza za Land Cruiser ya bokosi kumbuyo, ndipo ali ndi chifukwa. Mtundu umenewu wakhalapo kuyambira 1984, makaniko aliyense wa ku Ndirande kapena ku Biwi amaudziwa, ndipo injini yake yakale ya 1HZ imapirira dizilo wa mtundu uliwonse. Inenso ndimaikonda. Koma injini imeneyo imatulutsa makilowati 96, poyerekeza ndi 150 a Hilux ya 2.8, ndipo kupirira misewu ya matope si chimodzimodzi ndi kuimitsa matani atatu akukukankha kumbuyo. Nayonso ili ndi buku lake ndi malire ake, amene amasiyana potengera injini ndi dziko limene idagulitsidwa. Muwerenge buku la galimoto yanuyo, osati zimene mudamva za ya mnzanu. Pa galimoto zogula kwa wina, zimene ambirife timakwanitsa, mugwade ndithu muyang'ane chokolekera ngolo. Chenicheni chimamangidwa ku chasisi ndi mabawuti ndipo chimakhala ndi kachitsulo kolembapo malire ake. Ndaonapo zambiri zongowotchereredwa ku bampala, mpira wake wonyezimira bwino, pansi pake dzimbiri lokhalokha.

Kapakiridwe nakonso kamasankhitsa galimoto. Ngolo yokoleka kumchira imafunika kutsamira pa mpira uja ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena kuposerapo pang'ono. Ngolo ya matani atatu ndiye kuti ikukanikiza mchira wa pikapu ndi makilogalamu 300, ofanana ndi matumba asanu ndi limodzi a chimanga atapachikidwa kunja kwa bokosi. Mchira ukatsika, mphuno imadzuka, magudumu akutsogolo amene amawongolera ndi kugwira buleki kwambiri amapepuka. Anyamata opakira akaona choncho amasunthira katundu kumbuyo kwa ngolo kuti galimoto iwongoke, ndipo apo ndiye pamayambira choopsa china. Ngolo yolemera kumbuyo imayamba kupukusa mchira liwiro likakwera, kapena basi yaikulu ikakudutsani ndi mphepo yake, ndipo pikapu yaifupi ndi yopepuka imangotsatira. Katundu woyenda yekha ndiye woposa. Ng'ombe zinayi zikasunthira mbali imodzi pa khona, kapena thanki ya madzi ya malita 2,000 ikakhala yosadzaza madzi n'kumakhavukira uku ndi uku, dalaivala amamva ngati wina wamulanda chiwongolero. Amene ntchito yake ndi yotere asankhe galimoto yotalika pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo ngolo yake ikhale ya magudumu anayi.

Pali mawu amene ogulitsa mapikapu sangakonde, koma ndiwanena. Kwa anthu ambiri amene amandifunsa, yankho labwino si pikapu konse. Mlimi wa fodya amene amatumiza mabelo 40 ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, belo lililonse makilogalamu pafupifupi 100, ali ndi matani anayi. Umenewo ndi katundu wa lole. Lole yaing'ono ya matani atatu kapena anayi idapangidwa kuti izisenza pamsana pake, ili ndi mabuleki a msinkhu wa katunduyo, ndipo kawirikawiri yogwiritsidwapo kale ntchito imatsika mtengo kuposa pikapu ya zitseko zinayi. Ngati katundu wolemera mumanyamula kanayi kapena kasanu pachaka, kuchita hayala kumapulumutsa ndalama ndi kilatchi yomwe. Ndikudziwa chimene chimatikoka mtima. Pikapu imapita ku tchalitchi, ku ukwati ndi ku maliro, imapereka ulemu pamudzi, ndipo timafuna galimoto imodzi yochita zonse. Chilakolako chimenecho ndimachimvetsa chifukwa chidali changa. Pikapu ndi ngolo zimayenera munthu amene katundu wake sangakwere lole mosavuta, monga bwato, thirakitala yaing'ono, makina okumbira mijigo, kapena amene amafika kumene lole singafike nthawi ya dzinja.

Amisiri athu owotcherera sindikuwanyoza. Amene adapanga ngolo yanga ndi mmisiri waluso, ndipo mpaka lero palibe pamene yang'aluka. Adapanga chimene ndidamupempha, pa ndalama imene ndidali nayo. Nditabwerera kwa iye n'kumufotokozera za paphiri paja, adagwira pakamwa, kenaka adati: "Bwana, anthu akamva mtengo wa ekiselo ya mabuleki amati chotsani zimenezo, tingoyenda pang'onopang'ono." Apa ndi pamene boma liyenera kulowererapo. Ku South Africa laisensi wamba ya Code B imalola kukoka ngolo yosapyola makilogalamu 750, ndipo yoposa apo imafuna laisensi ya EB, imene munthu amayesedwa akukoka ngolo. Malamulo awo amanenanso kuti ngolo yolemera kuposa galimoto yoikoka ikhale ndi mabuleki amene dalaivala akuwalamulira ali pampando. Ine pempho langa ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ndi apolisi apamsewu ndi lakuti ngolo za mapikapu aziziyang'ana ndi diso lomwe amayang'anira malole. Pa zaka zonse zimene ndakoka ngolo, pa malo ofufuzira magalimoto andifunsapo laisensi, inshuwalansi ndi zonyezimira za kumbuyo. Sindikumbuka tsiku limene wina adagwada kuona ngati ngoloyo ili ndi mabuleki, monga adachitira dalaivala wa imvi uja. Ngolo iliyonse yopangidwa m'dziko muno ikhale ndi kachitsulo kolembapo kulemera kwake ndi malire a katundu. Masikelo a magalimoto alipo m'misewu yathu ikuluikulu, ndipo mwini pikapu wofuna kudziwa kulemera kwenikweni kwa zimene akukoka aziloledwa kukwerapo mosavuta. Ambirife timangoyerekeza ndi maso, ndipo maso amachepetsa katundu nthawi zonse mwini wake akakhala pa changu.

Pikapu ija ndikadali nayo. Sindidagule ina, ndalama zake ndidalibe. Ndidagulitsa ng'ombe imodzi n'kuitanitsa ekiselo ziwiri za mabuleki ndi chokolekera chimene chimakankha mabulekiwo ngolo ikayamba kutsamira galimoto, ndipo mmisiri yemwe uja adazimanga. Mafuta a mabuleki ndimasintha zaka ziwiri zilizonse. Simenti yotsala ya khola lija idapita pa lole ya hayala. Mwezi wathawu ndidatsikanso phiri lomwelo ndi mapaipi a mthirira ndi matumba 20 a feteleza pa ngolo, m'bokosi muli mlamu wanga yekha ndi njinga yake. Tisadayambe kutsika ndidaima pambali, ndidayang'ana tcheni ndi mpira, ndidalowetsa giya yachiwiri. Minibasi zitatu zidatipitirira zikuimba mahutala. Titafika pa Thabwa mlamu adatsika, adayandikiza dzanja ku gudumu lakutsogolo, kenaka la ngolo, ndipo adati onse awiri ndi ofunda mofanana. Tidagula nthochi n'kuwoloka Shire dzuwa lisadafike pamutu.